Mapanga Awiri ndi Jekete la Pampando

Makolo athu, amene ankaidziwa mvula kuposa ife, adatisiyira mawu akuti mapanga awiri avumbwitsa. Koma ine, ndi ulemu wonse woyenera akuluakulu amene adagona, ndiyesa kuti iwo ankanena za mapanga osadontha, pakuti munthu amene phanga lake lidang'ambika mu Novembala 2023, pamene kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti malipiro ali chiimire, adavumbwa kale asanaganize n'komwe za phanga lachiwiri.

N'chifukwa chake mphunzitsi akaweruka amasonkhanitsa ana pakhonde pake nawaphunzitsa zomwe adawaphunzitsa m'mawa zija, koma tsopano momveka bwino; namwino amagwira lokamu usiku; ndipo mlembi, amene masana timamutcha bwana, dzuwa likapendeka amavala chipewa cholimba nasanduka wakabaza.

Kodi alakwira lamulo? Lamulo la ntchito la 2000 lidaika maola 48 pa sabata kukhala malire a ntchito ya masiku onse, ndipo chimene chimamanga munthu pa maola otsalawo ndicho makamaka pangano la tsiku lolembedwa ntchito, lija ambiri a ife tidasaina osawerenga, maso ali pa mzere wa malipiro. Ena amatsegula Mateyu 6:24 natikumbutsa za ambuye awiri; komatu mtumwi Paulo ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, nalalikira m'sunagoge pa Sabata, ndipo sitimva kuti wina adamlembera kalata yomchenjeza.

Paulo yemweyo adasiyadi chofunda chake ku Trowa, koma sadachisiye kuti anthu aziyesa akadali komweko. Ife lero tili nalo jekete lokoloweka pampando, wantchito wokhulupirika koposa onse, losachedwa m'mawa, losapita kunkhomaliro, losadandaula za malipiro, pamene mwini wake ali ku Limbe kukapikula belo la kaunjika pa galimoto ya kuntchito, mafuta akenso a kuntchito. Apa ndiye ganyu wasanduka kuba, ndipo woberedwa weniweni ndi mayi uja wakhala pa benchi chiyambire m'mawa, mapepala ali m'manja, akungouzidwa kuti abwana angotuluka pang'ono. Mkulu wa ofesiyo akadamdzudzula ndithu munthu wotere, ndipo ndimva kuti mtima wotero ali nawo, kungoti nalonso jekete lawo lili pampando.