Nthabwala zili ndi eni ake

Kuno ku Petauke aliyense ali ndi chimene amatchuka nacho. Wina ndi katswiri wokumba mbewa, wina wokonza njinga, wina amatha kulira mosweka mtima pamaliro a munthu amene sanamuonepo. Ine ndinadzilonga ndekha ufumu woseketsa anthu. Palibe anandipempha, ndipo mpaka lero palibe wabwera kudzandithokoza.

Ndinayambira pa chimbuya, poganiza kuti ndiye munda wolimidwa kale. Angoni ndi Abemba anathirana nkhondo zaka za m'ma 1800, mikondo itatopa nkhondoyo inasamukira pakamwa, ndipo lero tonse a kum'mawa, ngakhale ife Ansenga a kwa Kalindawalo, tinalowa nawo. Abemba amati timadya makoswe, ife timati amadya anyani, kenako tonse n'kugwirana chanza. Pamaliro ndiye mbuya amachita kunyanya. Amakuthira ufa kumutu iwe misozi ili chuchuchu, amayenda ndi mbale kutolera ndalama, mwinanso kunena kuti malemuwo angothawa ngongole yake. Wina aliyense atayankhula zotero angatuluke pamudzi ali liwiro. Mbuya amapatsidwa mpando ndi nsima.

Tsono tsiku lina basi yochokera ku Lusaka itaima pa Nyimba, nthochi zili kulowera pawindo monga mwa masiku onse, ndinamva bambo wa pambali panga akuyankhula Chibemba pafoni. Mtima unati mwayi suposa apa. Ndinagula phava lathunthu, n'kumuikira pamiyendo, ndikukweza mawu kuti basi yonse imve: "Idyani mbuya, munenepe. Ndiwo zanu tazisiya m'mitengo ku Kacholola." Bamboyo sanaseke. Anasenda nthochi yoyamba, yachiwiri, mpaka phava lonse linatha, makoko n'kundibwezera m'manja. Atapukuta pakamwa anati, m'Chinsenga chosasakaniza, "Muli tyani, atata? Ine kwathu ni kwa Ndake, ku Kitwe nenze chabe ku nchito." Basi inaseka ndithu, koma osati pamalo pamene ndinakonza.

Mtundu wina wa nthabwala, umene ndimauopa kuposa yonse, ndi wa amayi. Kale unali pamtondo. Mayi akakwiya ndi mwamuna wake sankapita kwa ankhoswe msanga. Ankangoyamba nyimbo, munsi ukugunda, anzake n'kuvomera, mudzi wonse n'kudziwa amene wagulitsa mbuzi mobisa. Zigayo zitachuluka amuna ambiri tinapuma, tikumati bwalo lamilandu lija latsekedwa. Ayi ndithu, linangosamukira pachitsime. Chaka chatha kunatchuka kanyimbo konena za bambo wina amene anatumidwa ku boma kukagula feteleza n'kubwerako ndi wailesi. Dzina sankatchula, ndiwo ukatswiri wake. Ndinakakonda kwambiri, ndinkakaimba ndikupalasa njinga, kufikira ndime yachiwiri itatuluka, yonena kuti njinga ya bamboyo ili ndi pedulo imodzi. Mudzi wathu uli ndi njinga zambiri, koma ya pedulo imodzi mukuidziwa mwini wake. Wailesiyo ndi yabwino, imagwira Breeze FM bwinobwino.

Za gule sindiyankhulapo zambiri, ndine mlendo. Ndinakaonera ku Kulamba, ku Mkaika kwa Gawa Undi, mwezi wa Ogasiti, ndipo ndinaona Simoni ndi nkhope yake yofiira akunyogodola mzungu wopsa ndi dzuwa. A UNESCO anaulemekeza gule mu 2005, koma sanalembe kuti ndi nthabwala zimene umaseka diso lina likuyang'ana kothawira.

Akuluakulu akanena za kuseka amatchula Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo, imene inkamveka pa Radio Zambia kuyambira m'ma 1960. Munthu mmodzi yekha, koma m'kamwa mwake munkatuluka nkhalamba, mwana, fisi ndi mfumu, aliyense ndi mawu ake. Nthabwala zake zinali zoyenda pang'onopang'ono, zofuna womvera wokhala pansi. Ndinayesa zimenezi kwa adzukulu usiku wina malaiti atathima. Ndisanafike n'komwe pamene Kalulu akumana ndi Njovu, wamng'ono anafunsa ngati nthanoyo ili ndi poidumphira. Malaiti atayaka ndinatsala ndi galu, nayenso anangodikira kuti aone ngati m'mbale mwatsala kanthu.

Ndiye ndinati mwina vuto n'kukhala ndekha. Oseketsa otchuka ankayenda awiriawiri: Bikiloni ndi Difikoti kuno kwathu, Izeki ndi Jakobo ku Malawi, aja tinkawaonera pa matepi mpaka chithunzi kuchita mizeremizere. Onse awiri a ku Malawiwo anatisiya, John Nyanga mu 2016, Eric Mabedi mu 2021, koma njira yawo ndi yodziwika: mmodzi amadziyesa wanzeru, winayo amaoneka chitsiru, ndipo pamapeto sudziwa wapusitsa mnzake ndani. Ndinapita kwa alamu anga kukawafotokozera kuti tiyambe gulu lathu. Anamvetsera mwaulemu, n'kuti, "Alamu, maganizo ndi abwino. Theka la gululi lilipo kale. Mungofuna wanzeruyo."

Ku Lusaka kulinso zina, zoti munthu amaimirira yekha ndi maikolofoni, anthu n'kulipira pakhomo kuti awaseketse. Kuno oimirira ndi maikolofoni amabwera kamodzi pa zaka zisanu, salipiritsa, amagawanso zitenje, ndipo nthabwala zawo umazimvetsa chisankho chitadutsa.

Komabe musandimvere chisoni, chifukwa kutchuka ndinatchuka. Mwezi wathawu ndinamanga mbuzi pakaliyala kupita nayo kumsika. Pa kamtsetse kena mbuzi inaganiza zotsika, njinga inaganiza zopitirira, ine ndinagwirizana ndi zonse ziwiri. Mphwanga anali pambuyo ndi foni. Pofika madzulo kanemayo anali atazungulira pa WhatsApp kuchokera ku Minga mpaka ku mlatho wa Luangwa, wina atamuikiranso nyimbo. Anthu amene sanasekepo nthabwala yanga ngakhale imodzi ankandiimitsa pamsewu misozi ili m'maso, kufunsa ngati gawo lachiwiri lituluka. Wina anafunsa za umoyo wa mbuzi. Za bondo langa sanafunse aliyense.

Ndinawadandaulira mayi a kunyumba kuti dziko silidziwa kusiyanitsa luso ndi ngozi. Anapitiriza kusankha nyemba pa lichero, osadzutsa mutu.

"Bambo a ana, pali mtundu umodzi umene simunayese. Uja wa Mr Bean."

"Uti, wovala jekete yothina?"

"Ayi. Uja wosayankhula."

Akuti ndiyambe ndi sabata imodzi, akaona kuti ukundiyenera tidzawonjezera.