Kuthamanga sikufika, umboni uli ku Switzerland

Akuluakulu amene anati kuthamanga sikufika analibe pasipoti, koma mboni za mwambi wawo zili ku Switzerland. Kumeneko kuli amuna athanzi lawo, ena apabanja ndithu, amene ntchito yawo ndi kupalasa njinga m'nyumba. Anamanga mabwalo amatabwa, monga la m'tauni ya Grenchen, lomwe kulizungulira kamodzi ndi mamita 250. M'makona ndi mopendekeka moti woyenda pansi sangaimemo. Anthu amenewa amapalasa mpaka thukuta kamukamu, ndipo mpikisano ukatha amatsikira pomwe anakwerera.

Mmodzi mwa akatswiri a ntchitoyi ndi Bruno Risi, wobadwa mu 1968. Anatchuka pa mipikisano ya masiku 6, yomwe amapalasa usiku uliwonse, oonerera akudya, kumwa ndi kumvera nyimbo. Anapambana mipikisano yotere 61, ndipo 37 mwa imeneyi anapambana ali ndi mnzake mmodzimodziyo, Kurt Betschart. Mu 2004, pa Olimpiki ya ku Athens, iye ndi Franco Marvulli analandira mendulo yasiliva. Pomwe ankapuma mu 2010 n'kuti atapalasa zaka zambirimbiri osafika ngakhale kuchigayo.

Nkhani imeneyi mukaifotokoze pasiteji ya akabaza pa Namwera, mudzamve mafunso.

"Ndiye amanyamula ndani, achimwene?"

"Palibe."

"Katundu?"

"Ayi."

"Nanga akupita kuti?"

"Pompo."

"Ndipo amamulipira?"

Mukangovomera kuti inde amamulipira, ndalama zoti n'kumangira nyumba yamalata, nonse mukhala chete kwa kanthawi.

Njinga yake nayonso ndi yomvetsa chisoni. Ilibe kaliyala, ilibe belu, ilibe galasi, giya ndi imodzi yokha, ndipo ukaleka kupalasa mapedulo amapitiriza okha n'kukunyamula pachishalo. Pa Namwera chinthu chotere sitingachitche njinga. Njinga yeniyeni imakhala ndi khushoni yansalu yofiira kumbuyo, popondapo pa wokwera, kachikwangwani kolembedwa mawu olimbitsa mtima, pampu yomangidwa ndi lamba wa chubu chakale. Lero inyamula mayi wopita kusikelo, mawa matumba awiri a chimanga ndi mbuzi pamwamba. Pomwe tingamvane ndi anzathu a ku Switzerland ndi pa mabuleki pokha. Njinga zawo zilibe mabuleki mwadala, malamulo amatero. Zathu zambiri zilibenso, koma osati mwadala. Amene anaonapo munthu akutsika chitunda cha Chowe ndi matumba a makala, patapata atamukanikiza patayala mpaka kununkha mphira wopsa, akudziwa kuti dziko lino lili ndi akatswiri osalembedwa m'buku.

Chitunda chimenechi chimandikumbutsa Oscar Egg, m'Swiss wina wakale, amene mu 1914 anapalasa makilomita 44.247 pa ola limodzi mumzinda wa Paris, ndipo panatha zaka zochuluka wina asanamupose. Mtunda umenewu sukusiyana kwenikweni ndi wochokera pa Mangochi boma kufika pa Namwera. Koma Egg ankazungulira pamalo osalala. Akanawoloka mlatho wa Shire n'kulowera kum'mawa, dzuwa la Okutobala lili pamutu, akanakumana ndi makona okwera aja, pomwe wokwera amene walipira ndalama zake amauzidwa mwaulemu kuti, "Ankolo, apa titsikeko pang'ono." Ankolo amatsika, amayenda, mwinanso kuthandiza kukankha, ndipo palibe amene amanena zobwezako ndalama. Risi nayenso pa mpikisano wa awiriawiri ankadalira mnzake kumugwira dzanja n'kumuponya kutsogolo. Kusiyana kwake n'kwakuti mnzakeyo ankalandirako mendulo.

Masiku ano mwambi uja wapeza adani atsopano. Njinga zamoto zadzaza mumsewu wa Chiponde, ndipo anyamata oziyendetsa amaumva ngati chipongwe chofunika kuchitsutsa. Anthu atatu kumbuyo, chisoti palibe, nyimbo ili pamwamba. Ambiri amafikadi, sitikana. Ena amafika kumene sanauze munthu kuti akupita, mwendo uli m'chikhakha, achibale akubwera ndi phala.

Koma tisaseke a ku Switzerland mopitirira, chifukwa mpikisano wozungulira pamodzimodzi nafenso tili nawo, ndipo bwalo lake lili m'boma lathu lomwe lino, m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Lolemba m'mawa magalimoto akuluakulu amachoka ku Lilongwe ndi ku Blantyre pa liwiro loti nkhuku za m'mbali mwa msewu zimasiya maina. Akuthamangira msonkhano. Tsiku loyamba adziwana ndi kugwirizana malamulo a msonkhanowo. Lachiwiri agawana m'magulu n'kulemba mavuto papepala lalikulu. Lachitatu gulu lililonse liwerengera anzawo mavuto omwe aja, anzawowo n'kuwomba m'manja. Pakati ponsepa pali tiyi wa 10 koloko, chambo masana, tiyi winanso madzulo. Potsiriza agwirizana mfundo yaikulu imodzi: pakufunika msonkhano wina. Asayina, alandira alawansi, atsikira pomwe anakwerera. Risi ankatuluka thukuta, awa ali ndi makina oziziritsa m'chipinda, ndipo mwa iwo muli ena amene anaposa kale 61.

Choncho mwambi uja ndi woona, koma akuluakulu anaiwala kutiuza kuti malipiro ali mbali iti. Wozungulira pamodzimodzi amalandira mendulo kapena envelopu. Wofika ndi wakabaza. Wanyamula mayi ndi dengu la tomato kuchokera kumudzi, wadutsa pamchenga, wazemba ng'ombe, wawafikitsa pamsika tomato ali wosaphwanyika. Mayiwo atsika, akonza chitenje, amasula mfundo ya ndalama pang'onopang'ono. Akakhala kuti anapalasa modekha, amva kuti, "Mwandichedwetsa, malo abwino atenga anzanga, ndichotsako." Akakhala kuti anathamanga, mayiwo ayang'ana kumene achokera n'kunena kuti, "Iii achimwene, tafika kale? Ndiye ndi pafupitu apa. Ndalama yonseyi ya chiyani?"