Kodi wakuba ndi wokamuphunzira ku yunivesite?

Akuti ku mayunivesite ambiri a ku England mwana amakhala zaka zitatu akuphunzira psychology ndi criminology pamodzi, digiri yake imodzi. Psychology imafufuza mmene munthu amaganizira, mmene amakumbukira ndi chimene chimamuchititsa zimene amachita. Criminology imafufuza za umbanda, apolisi, makhoti ndi ndende. Tsono ine ndifunse nawo: ziwirizi zikufunana chiyani? Wakuba akagwidwa, wapolisi alipo, woweruza alipo, ndende ilipo. Chatsala n'chiyani choti mwana wa munthu akatherepo fizi?

Kapena akufuna azimuzindikira wakuba pongomuona nkhope? Zimenezo dokotala wa ku Italy, Cesare Lombroso, anayesa kale. Mu 1876 anatulutsa buku lonena kuti zigawenga zina zimachita kubadwa, ndipo ankayeza zibade, nsagwada ndi makutu a akaidi. Mu 1913 Charles Goring, dokotala wa m'ndende za ku England, atayeza akaidi pafupifupi 3,000 n'kuwayerekeza ndi anthu akunja, sanaipeze nkhope yaumbandayo. Nanga bwanji ife mpaka lero timanena kuti uyu maso ake ndi akuba?

Chimene chandisowetsa mtendere ndi nkhani ya mboni. Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer, ku America, anaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya magalimoto. Ena anawafunsa kuti magalimotowo ankathamanga bwanji pamene anagundana, ena anawafunsa kuti ankathamanga bwanji pamene anaphwanyana. Oyambawo anati mamailosi 34 pa ola, enawo anati oposa 40. Kanema yemweyo, maso omwewo. Anayesanso ndi gulu lina, ndipo patatha sabata anawafunsa ngati anaona magalasi osweka. Mwa anthu 50 amene anamva za kuphwanyana, 16 anati anawaona. Mwa 50 amene anamva za kugundana, 7 okha. M'kanemamo munalibe galasi losweka ndi limodzi lomwe. Ndiye magalasiwo anawaona kuti? Sanalandire ziphuphu, sankadana ndi aliyense. Ngati kafunsidwe kokha kangaike m'mutu mwa munthu chinthu chimene sanachione, wapolisi amene akulemba sitetimenti amadziwa zimenezi? Anamuphunzitsa ndani?

Ku North Carolina, mu 1984, mayi wina atagwiriridwa analoza Ronald Cotton, poyamba pa chithunzi, kenako pamzere wa anthu amene apolisi anawaimika. M'khoti analumbira ndi mtima wonse kuti ndi yemweyo. Cotton anakhala m'ndende zaka zoposa 10, mpaka mu 1995 pamene DNA inasonyeza kuti wolakwa anali munthu wina. Mayiyo ananama? Ayi, iye ankakhulupiriradi. Ndiye tiloze chala ndani? Mwina apa m'pamene maphunziro awiriwa akugwirana dzanja, chifukwa wina amadziwa mmene mzere wa kupolisi umaimikidwira, winayo amadziwa mmene mantha amasokonezera kukumbukira zimene maso anaona. Atakhala munthu mmodzi wodziwa zonsezo, Cotton akanagona m'ndende?

Ndikaganiza zimenezi mtima umandipita kumsika kwathu kuno. Wina akangokuwa kuti “Wakuba uyo!” anthu amasiya tomato pabenchi, wina watola mwala, wina akufunafuna tayala ndi petulo. Pa gulu lonselo, ndi angati amene anaona dzanja likulowa m'thumba? Amene anaonayo, anaona nkhope kapena malaya okha?

Palinso nkhani ya ana. Mu 1961 ofufuza a ku Cambridge anayamba kutsatira anyamata 411 a kum'mwera kwa London, ambiri a zaka 8 kapena 9, ndipo Donald West ndi David Farrington anawalondola mpaka atakula. Anapeza kuti amene anakulira mu umphawi, m'banja lalikulu losowa chisamaliro, kapena kholo lawo linamangidwapo, ndi amene ambiri anadzapezeka ndi milandu. Koma si onse. Ena anakulira momwemo n'kukhala anthu abwinobwino. Anawapulumutsa n'chiyani? Agogo? Mphunzitsi? Ntchito? Ine ndikanakhala m'kalasi ya psychology ndi criminology ija, dzanja langa likanakwera pamenepo.

Kuno ku Malawi lamulo limati mwana wosakwana zaka 10 sangazengedwe mlandu, ndipo ena okulirapo amatumizidwa kukasintha khalidwe ku Mpemba. Mnyamata wa zaka 14 akafika kumeneko ataba mbuzi, timamufunsa kuti waba mbuzi ya ndani. Alipo amene amakhala naye pansi n'kumufunsa kuti anadya liti komaliza, ndiponso amagona kwa yani?