Maso a Nkhono ndi Sitima za pa Kabati

Sitima ya pa kabati ndi kachifaniziro kamatabwa ka sitima yeniyeni ya pamadzi, kochepetsedwa motsata muyeso kuti chilichonse chimene chili pa yaikuluyo chipezekenso pa yaing'onoyo, kupatula okwera, matumba a usipa ndi fungo lake. Ku Lilongwe ntchito yopanga sitima zoterezi idabadwa ndi chilema chimodzi: nyanja ili kutali. Kuchokera ku Kawale kukafika ku Senga Bay ndi mtunda woposa makilomita 100, ndipo madzi aakulu amene mwana wa ku Chinsapo amawadziwa ndi a mtsinje wa Lilongwe ukakwiya nthawi ya dzinja. Komabe zofunika zina zonse mzindawu uli nazo. Akalipentala adadzaza ku Mchesi ndi ku Biwi, osema ziboliboli amayala malonda awo pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, ndipo m'makomboni monse muli abambo amene ubwana wawo udathera pa kupinda galimoto za mawaya. Chosowa n'chimodzi, ndipo m'hadiweya sichigulitsidwa. Akale adachitchula pamene adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwambiwu ndi woona ngakhale kwa aphunzitsi a sayansi. Nkhono ili ndi tinyanga tinayi tofewa, tiwiri tatitali ndi tiwiri tatifupi, ndipo maso ake ali kunsonga kwa tatitalito. Ikangokhudzidwa, ngakhale ndi kaudzu, imabweza zonse n'kulowa m'chigoba, ndipo wofuna kuona masowo ayenera kunyonyomala duu mpaka mwini wake atakhulupirira kuti kunja kuli mtendere. Vuto ndi lakuti mwambiwu udapekedwa kale, anthu adakali ndi mpata wonyonyomala pambali pa nkhono. Munthu wa lero wa ku Area 25 akadikira minibasi mphindi zisanu amadumphira pa kabaza wa njinga yamoto, ndipo akatumiza ndalama pa foni amaimbira wolandirayo uthenga usadafike n'komwe. Munthu yemweyo ndiye amadzuka Lolemba lina n'kulengeza kuti pofika Loweruka akhala atapanga Ilala.

Ilala ndiyo ambiri amayamba kuilota, chifukwa Mmalawi aliyense amaidziwa, ngakhale amene sadaipondepo. Idapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland, idabwera m'zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo idayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Ndiye kuti nayonso idayamba ili mulu wa zitsulo wodikira anthu odekha. Koma imene idaphunzitsa amisiri mwambi wa nkhono mopanda chisoni ndi Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya UMCA. Iyo idafika m'zidutswa zoposa 3,000, chilichonse chili ndi nambala yosonyeza malo ake, koma nambalazo zidakwiririka pamene zitsulozo zinkakutidwa kuti zisachite dzimbiri. Oilumikiza kwa Mponda, ku Mangochi, adatha zaka ziwiri akuyesa ichi apa, icho apo, mpaka idalowa m'madzi mu 1901. Mmisiri wa ku Biwi amene mwana wamusokonezera timatabwa take pa mkeka angapeze chitonthozo m'nkhani imeneyi.

Ntchito imayambira pa pensulo. Ilala ndi yaitali pafupifupi mamita 52. Pa muyeso wa 1:100, mita imodzi ya pa nyanja imasanduka sentimita imodzi ya pa tebulo, sitima yonse n'kukhala masentimita 52, yokwana bwinobwino pamwamba pa kabati. Chitseko cha mamita awiri chimakhala masentimita awiri, ndipo munthu wamtali mita 1.7 amatsala mamilimita 17, osafika ngakhale theka la kamtengo ka machesi. Pa muyeso wa 1:50 sitimayo imapitirira mita imodzi, ndipo m'nyumba ya lendi ya chipinda ndi balaza imayamba kulimbirana malo ndi alendo. Choopsa cha masamuwa n'chakuti milimita imodzi yolakwika pa tebulo ndi masentimita 10 pa sitima yeniyeni. Mmisiri woyeza ndi diso, amene amati tepi ndi ya ophunzira kumene, amatulutsa sitima ya chumuni chonga cha fakitale ya ku Kanengo. Njira yabwino ndi kupeza chithunzi chojambulidwa cham'mbali, kuchikopera pa katoni motsata muyeso bandulo isadathe m'foni, n'kudula katoniyo kuti ikhale chitsanzo.

Matabwa safunika ambiri. Zidutswa zogwa pansi pa benchi ya kalipentala zimakwanira, ngakhale kuti pamenepo pali mpikisano ndi amayi ofuna zokolezera moto. Malonda ake amayenda motere: wofunayo amapereka moni, amayamikira sofa imene ikupangidwa, kenaka amaloza pansi ndi phazi.

"Achimwene, nanga timatabwa ta pansiti?"

"Tolani bwana, mungosiyako ya Fanta."

Paini, amene ambiri amachokera ku Chikangawa, ndi wofewa ndiponso wotsika mtengo, koma ali ndi mfundo zimene zimapezeka ndendende pamene mpeni ukufuna kudutsa. Malaina ndi wopepuka, woyererako, ndipo amamvera mpeni, choncho amayenera pa thupi la sitima. Mbawa ndi mlombwa ndi yokongola ikapakidwa vanishi, ndipo kachidutswa kake kamakometsa pansi poyenda anthu. Phingo, amene osema ziboliboli amamukonda, ndi wolimba kwambiri moti amabunthitsa chida munthu asadapange kanthu. Bulugamu amang'aluka. Mkungudza wa ku Mulanje, ngakhale fungo lake ndi lokoma, ndi mtengo wotetezedwa umene watsala pang'ono kutha, ndipo wofunsa za iwo pa shedi akufunsa mlandu. Nsungwi zowazidwa bwino zimapereka milongoti ndi timizati. Lamulo la mitengo yonseyi ndi limodzi: ikhale youma. Sitima yosemedwa pa thabwa laliwisi mu Januwale imafika Okutobala itapindika ngati nthochi.

Zida zake ndi zochepa: kasowo ka mano ang'onoang'ono, tchizulo, mpeni wakuthwa, tupa, sandipepa wokhakhala ndi wosalala, rula yachitsulo ndi sikweya. Sompho la osema limathandiza pochotsa nyama yambiri ya mtengo poyamba. Zotsalazo komboni imapanga yokha. Sipoko ya njinga yonoledwa kunsonga imaboola timabowo, mapegi oyanikira zovala amapana timatabwa tomatidwa, malegeni amamanga thupi lonse la sitima guluu akamauma, ndipo waya wa m'tchaja yakufa amasanduka zingwe ndi zotchingira m'mbali. Zida za magetsi n'zabwino, koma zili ndi khalidwe la nkhono: zimatulutsa maso nthawi imene zafuna zokha, kawirikawiri pakati pa usiku oyandikana nawo atagona.

Thupi la sitima limapangidwa m'njira zitatu. Yoyamba ndi ya asodzi, kusema chipika chimodzi monga asemera bwato. Yachiwiri ndi kusanjikiza matabwa opyapyala, lililonse lodulidwa motsata maonekedwe a sitima pa msinkhu wake, kuwamata, n'kupala makwerero otsalawo mpaka pasalale. Yachitatu ndiyo ya akatswiri: kuimika msana, kulumikizapo nthiti, n'kukuta nthitizo ndi timatabwa topyapyala kamodzikamodzi. Timatabwato timayamba tanyikidwa m'madzi otentha kuti tifewe, ndipo timamatidwa mosinthanasinthana, kena kumanja, kena kumanzere, kuopa kuti mbali imodzi ingakoke inzake sitima n'kukhota mphuno. Wophunzira kumene amene amayambira njira yachitatu amakhala ndi nthiti zokhazokha pa windo kwa zaka, ndipo alendo amafunsa ngati ndi mafupa a kampango.

Nkhono yeniyeni ya ntchitoyi ndi guluu. Guluu woyera wa matabwa amafuna kupanidwa osagwedezeka, ndipo amalimba kwathunthu pakapita tsiku lathunthu. Zimene zimachitika pa khonde la ku Area 23 ndi zina. Mmisiri amamata, amapana ndi pegi, amayang'ana foni, amamwa madzi, ndipo pakatha mphindi khumi mtima umamuuza kuti angogwedeza pang'ono, aone ngati zagwira. Amagwedeza. Zinali zitayamba kugwira. Amamatanso, ulendo uno ndi guluu wochuluka ngati phala, amene amatuluka m'mbali n'kuuma pamwamba, ndipo vanishi akadzapakidwa malowo amaoneka ngati zipsera. Guluu wotulukira m'mbali amayenera kupukutidwa ndi kansalu konyowa nthawi yomweyo, ndipo dzanja loyabwa kugwedeza lipatsidwe ntchito ina, monga kupala kachidutswa ka mawa.

Pofuna kuthawa kudikira, ambiri amathamangira supagulu wa pa okala. Iyeyu amagwira m'masekondi, koma sasankha chogwira, ndipo chala amachikonda kuposa thabwa. Zala zomatana zimanyikidwa m'madzi ofunda a sopo n'kumazipotokola pang'onopang'ono mpaka zilekane. Lezala si mankhwala ake. Supagulu akadonthera pa thonje kapena pa nsalu ya thonje amatentha mpaka kuwotcha khungu, choncho thalauza si chopukutira.

Tinthu ting'onoting'ono ndiye timadya miyezi: mazenera, masitepe, nangula, chumuni, ndi maboti aja amene Ilala imatsitsa kuti akatule anthu kumtunda m'madoko amene siyingathe kufika pagombe. Pa muyeso wa 1:100 zenera limachepa kuposa njere ya chimanga, ndipo adani ake ndi ambiri. Kuyetsemula kumodzi kumamwaza ntchito ya masiku atatu. Nkhuku imayesa ndi mphale. Koma mdani wamkulu ndi tsache la m'mawa, limene silidziwa kusiyanitsa chitseko cha kapitawo wa sitima ndi chinyalala.

"Amayi a mwana, simudaone timasitepe tanga pamkekapa?"

"Tizinyalala tija? Ndakolezera mbaula, madzi osamba anu omwewo."

Chitini cha mkaka chokhala ndi chivundikiro chapulumutsa mabanja ambiri kuposa ankhoswe.

Penti imafuna tsiku lopanda mphepo, chinthu chosowa ku Lilongwe mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene fumbi la m'misewu ya ku Mgona limalowa ndi m'mabotolo otseka omwe. Imapakidwa yopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira iume n'kupala pang'ono ndi sandipepa wosalala musadabwereze. Yopakidwa kamodzi mochindikala imayenderera ngati misozi ndipo imakwirira timizere tonse timene tidatenga mwezi kusema. Sitima yopakidwa imavundikiridwa ndi katoni. Chala chofuna kudziwa ngati yauma chimasiya chidindo chimene mwini wake adzachiona moyo wake wonse.

Za chitetezo sizifuna nthabwala zambiri, chifukwa ngozi za ntchitoyi pafupifupi zonse zimabadwa m'changu. Mpeni wobuntha ndi woopsa kuposa wakuthwa, popeza umafuna mphamvu, ndipo ukaterereka mphamvu yonseyo imathera m'chikhatho. Podula, mpeni uloze kutali ndi thupi, dzanja logwira thabwa likhale kumbuyo kwa mpeniwo, ndipo ntchafu isakhale benchi. Utuchi wosalala wa mitengo yolimba umayabwa m'mphuno ndi m'chifuwa, choncho masiki aja adatsala m'madirowa chichokereni mliri wa Covid-19 apeza ntchito, ndipo kupala kuchitikire panja. Podula waya maso atetezedwe ndi magalasi, chifukwa kansonga kodumpha sikachenjeza. Sowo yozungulira ya matabwa isamangidwe pa girayinda: ikakodwa m'thabwa imabwerera kwa mwini. Matabwa a zitseko zakale asapalidwe mwachisawawa, popeza penti ina ya mafuta imakhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa ana, ndipo zidutswa za mapolo onyikidwa m'mankhwala zisalowe m'mbaula yophikira.

Tinala ndi vanishi zimayaka msanga, ndipo mpweya wake umatha kukoka moto wa kandulo kapena mbaula ili poteropo. Magetsi akazima, kupenta kwatha tsiku limenelo. Choopsa koposa ndi chizolowezi chogula tinala wopungulira m'botolo la zakumwa n'kuliika pansi pa bedi, pamene mwana wokwawa amafika. Mwana akamwa asamusanzitse, athamangire naye kuchipatala botololo lili m'manja. Bala lakuya la msomali kapena waya wa dzimbiri litsukidwe ndi madzi ndi sopo, ndipo mwini wake akafunse za katemera wa kafumbata, osati kuthirapo utuchi monga amachitira ena pa shedi.

Sitima ikatha pamabwera funso la ana a m'mudzi wonse: kodi iyandama? Ya pa kabati siyipangidwira madzi. Guluu woyera wamba amafewa akanyowa, ndipo sitima yopanda cholemetsa kunsi imagona cham'mbali m'bafa pamaso pa anthu onse oitanidwa. Funso la akuluakulu ndi lina: igula zingati? Apa m'pamene anthu ambiri amazindikira kuti mwambi uja adaumva theka. Akale adalonjeza kuti wodekha adzaona maso a nkhono. Sadanene kuti pali amene adzamulipire chifukwa chowaona. Wogula pa msika wa ziboliboli amatembenuza ntchito ya miyezi inayi, amafunsa ngati ingalowe m'chikwama cha m'ndege, n'kutchula mtengo wa kamvuu kosemedwa masana amodzi. Amisiri ochenjera amapangira oda, ya ofesi, ya malo ogona alendo kapena ya mphatso ya wopuma pa ntchito, ndipo amalandiriratu theka. Zotsalazo zimathera pamwamba pa kabati ya mwini wake, pakati pa wailesi yakufa ndi chithunzi cha ukwati, pamene zimafunika kupukutidwa fumbi kamodzi pa sabata ndi nthenga ya nkhuku.