Kagwiritsidwe Ntchito ka Mawu Akuti "Obscure": Malangizo kwa Mmalawi Wofika Kumene ku Troyeville

Mwa afotokozi onse a m'Chingerezi, ndiye kuti mawu amene ntchito yawo ndi kufotokoza dzina, ndi ochepa amene angathandize munthu wokhala m'dziko la eni kuposa mawu akuti "obscure", chifukwa mfotokozi mmodzi yemweyu amanena za chinthu chovuta kumvetsa, za munthu kapena malo osadziwika, komanso za pamalo pamdima, ndipo Mmalawi amene watsika basi ku Park Station ku Joni n'kukapeza chipinda cha lendi ku Troyeville amakumana ndi zonse zitatu sabata isanathe. Mawuwa anachokera ku Chilatini, kumene "obscurus" ankatanthauza chinthu chophimbika kapena chamdima, ndipo analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. Powatchula, mphamvu ya liwu imagwera pa phatikizo lachiwiri, ngakhale kuti wophunzira amene lilime lake limaumirira kunena kuti "obusukyuwa" asade nkhawa, popeza womumvera akalephera kumva, ndiye kuti tanthauzo lafika kale.

Langizo loyamba likukhudza malo a mfotokoziyu m'chiganizo. Chichewa chimatchula dzina poyamba kenako n'kulifotokoza, monga ponena kuti mudzi wosadziwika, pamene Chingerezi chimatsogoza chigamulo, dzina n'kubwera pambuyo litaweruzidwa kale, n'chifukwa chake chimati "an obscure village", ndipo kamawu ka patsogolo kamakhala "an" m'malo mwa "a" poti mfotokoziyu amayamba ndi lembo la liwu. Chimene wophunzira ayenera kusamala ndi chakuti asafunse kuti mudziwo ndi wosadziwika kwa yani, chifukwa funso lotere limaononga ulemu wonse wa chiganizocho. Mudzi wa ku Mzimba kapena ku Mangochi, kumene aliyense amadziwa kuti nyumba ya malata ya kuseri kwa tchalitchi kapena mzikiti inamangidwa ndi ndalama za mwana wa yani wa ku Joni, umasanduka wosadziwika pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti wolemba chiganizoyo sanafikeko. Mudzi wa Chifira m'boma la Nkhata Bay ungatchulidwe chimodzimodzi, ngakhale kuti ndi kumene kunachokera Clements Kadalie, amene mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la apantchito la ICU, lomwe linagwedeza olemba anthu ntchito a m'dziko lonse la South Africa. Choncho mfotokoziyu amayeza ulesi wa wolankhula, koma mlandu amauika pa chinthu chonenedwacho, ndipo wophunzira akulimbikitsidwa kubwezera mwaulemu polembera abale kumudzi kuti Sandton ndi kadera kosadziwika ka kumpoto kwa Troyeville. Ngakhale Troyeville yemweyo, amene anakhazikitsidwa pa famu ya Doornfontein patangopita zaka zochepa golide atapezeka mu 1886, anatengera dzina kwa Gustav Troye, woyeza malo amene ambiri mwa olipira lendi m'misewu ya kumeneko sanamumvepo, zomwe zikusonyeza kuti munthu angathe kulembedwa pa mapu a mzinda koma n'kukhalabe wosadziwika.

Langizo lachiwiri ndi lokhudza mfotokoziyu akabwera pambuyo pa mneni, monga m'chiganizo chakuti "this clause is obscure", chimene chimatanthauza kuti ndime iyi ndi yovuta kumvetsa. Phindu la chiganizo chimenechi limaoneka pochiyerekeza ndi chinzake chakuti "I do not understand", pakuti chachiwirichi chimavomereza kuti vuto lili m'mutu mwa wowerenga, pamene choyambacho chimalibweza pa pepala ndi pa amene analilemba. Chichewa nachonso chili ndi mawu akuti sizikumveka, koma munthu amene angauze alandilodi choncho amaoneka wamwano, pamene wonena zomwezo ndi mfotokozi wa Chilatini amaoneka ngati ali ndi m'bale wake loya. Pepala la mgwirizano wa lendi la ku South Africa ndi malo abwino oyesererapo luso limeneli, chifukwa kawirikawiri limakhala ndi ndime yakuti "domicilium citandi et executandi", imene wosaina amaiyang'ana ngati dzina la matenda, chonsecho ikungotanthauza keyala imene makalata a milandu azitumizidwako. Wogula firiji yakale amakumananso ndi mawu akuti "voetstoots", ochokera ku Chidatchi, otanthauza kuti katundu wagulitsidwa mmene alili, kotero kuti firijiyo ikayamba kutenthetsa nyama m'malo moiziziritsa, nkhaniyo ndi ya wogula ndi Mulungu wake.

Pamenepa wophunzira achenjere ndi chidziwitso china chimene chingamusokoneze mtendere. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la mu 2008, pa gawo 22, limafuna kuti zikalata zopita kwa ogula zilembedwe m'chilankhulo chosavuta ndi chomveka, ndipo makhoti ali ndi mfundo yakale yotchedwa "contra proferentem", yakuti ndime ya matanthauzo awiri itanthauziridwe mosakomera amene anailemba, ngakhale kuti mfundo yolimbana ndi kusamvekayi nayonso inasungidwa m'Chilatini. Lamulo la Rental Housing Act la mu 1999 limanenanso kuti dipoziti isungidwe ku banki kumene ingabereke chiwongoladzanja cha wolipira lendi, ndipo bwalo lomva madandaulo a za lendi silipiritsa wodandaula. Zonsezi wophunzira wanzeru azisunge mumtima, agwedeze mutu, anene kuti "yes, boss" kawiri, kenako asaine pamene chala cha alandilodi chaloza. Makolo anati safunsa anadya phula, koma makolowo sankalipira lendi pa tsiku loyamba la mwezi, ndipo phula la m'chipinda chokhala ndi denga limamezeka kusiyana ndi uchi wa pakhonde la sitolo.

Langizo lachitatu ndi lokhudza mitundu iwiri ya ziganizo imene wophunzira ayenera kuiloweza pamtima, yomwe ndi "the reasons remain obscure" ndi "for some obscure reason". Choyamba chimanena kuti zifukwa zake sizinadziwikebe, ndipo mneni wakuti "remain" amapereka chithunzi chakuti pali anthu amene akufufuza usana ndi usiku, pamene nthawi zambiri palibe amene wadzuka pampando. Chachiwiri chimanena kuti chinthu chachitika pa chifukwa china chosadziwika bwino, ndipo ubwino wake ndi wakuti chilibe mwininkhani woti n'kumuloza chala. Ziganizo zimenezi ndi za m'maofesi, kumene kukana nsalu ya akulu n'kuiviika, koma palibe lamulo loletsa munthu wamba kuzibwereka. Bambo amene analonjeza kutumiza ndalama za feteleza pa Mukuru mwezi wa Okutobala usanathe, koma Loweruka lina anachedwa pamalo ena a chisangalalo a mumsewu wa Albertina Sisulu, angathe kulembera mayi a kunyumba pa WhatsApp kuti pa chifukwa china chosadziwika bwino ndalama zachepa. Akulangizidwa kulemba zimenezi m'Chingerezi ndithu, chifukwa akazilemba m'Chichewa mayiwo afunsa kuti chifukwa chanji, ndipo apongozi adzaonjezera mafunso ena amene galamala ya Chingerezi ilibe mayankho ake.

Langizo lachinayi ndi lakuti wophunzira asasokoneze mfotokoziyu ndi abale ake awiri, "vague" ndi "ambiguous", popeza aliyense ali ndi gawo lake la chisokonezo. Chinthu chimakhala "vague" pamene chanenedwa mosatchula malire ake, monga abwana a ganyu akalonjeza kuti alipira "just now", mawu amene m'Chingerezi cha ku South Africa amatanthauza nthawi ina iliyonse kuyambira masana ano mpaka kubweranso kwa Ambuye. Chinthu chimakhala "ambiguous" pamene chili ndi matanthauzo awiri omveka bwino koma osiyana, monga kapepala komatidwa pa mtengo wa magetsi kolengeza chipinda cha "sharing", kamene wowerenga amaganiza kuti akagawana bafa ndi khitchini, koma akafika amapeza kuti chogawanacho ndi chipinda chenichenicho, chodulidwa pakati ndi katani wopachikidwa pa waya, kuseri kwake kuli munthu wina amene amagwira ntchito usiku ndipo amakazinga anyezi mbandakucha. Koma chinthu chimakhala "obscure" pamene tanthauzo lilipo limodzi ndithu, lokhazikika, kungoti lakwiriridwa pamalo pamene wowerenga sangafike popanda kulipira womasulira. Poyerekeza kukula kwa vutoli amati "more obscure" ndi "most obscure", ndipo wophunzira adzazindikira msanga kuti ndime yovuta koposa zonse imakhala ija yonena za kubweza dipoziti.

Langizo lachisanu likukhudza mawu omwewa akakhala mneni, pakuti "to obscure" ndi kuphimba chinthu kuti chisaoneke, monga mitambo iphimba mwezi. Mneniyu ndi woopsa kwa olemba a m'maofesi chifukwa amafuna mwininkhani, ndiye kuti wophimbayo ayenera kutchulidwa, n'chifukwa chake akatswiri amatembenuza chiganizo n'kunena kuti "the facts were obscured", wophimbayo n'kutulukira khomo la kuseri. Troyeville ili ndi chitsanzo cha luso limeneli chimene palibe angachiseke. Pa 1 Meyi 1989, David Webster, mphunzitsi wa za chikhalidwe cha anthu pa yunivesite ya Witwatersrand amene ankathandiza anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, anawomberedwa kunja kwa nyumba yake mumsewu wa Eleanor, ndipo panapita zaka pafupifupi khumi kuti Ferdi Barnard apezeke wolakwa mu 1998. Barnard ankagwirira ntchito kagulu kachinsinsi ka asilikali a boma la tsankho kotchedwa Civil Cooperation Bureau, dzina limene mawu ake atatu onse ndi osavuta, ndipo womva angaganize kuti ndi ofesi yolimbikitsa anthu kukhala mogwirizana. Phunziro lake kwa wofuna kufika pamwamba pa luso la kusamveka ndi lakuti Chilatini ndi cha ongoyamba kumene, pamene akatswiri enieni amabisa zinthu ndi mawu amene mwana wa sitandade 5 angawawerenge. Paki ya m'deralo lero ili ndi dzina la Webster, ndipo wophunzira amene amakhala pa benchi yake podikira foni ya ganyu angachite bwino kudziwa mwini dzinalo.

Langizo lachisanu ndi chimodzi ndi la dzina lochokera ku mfotokoziyu, lakuti "obscurity", lomwe ndi mkhalidwe wa kusadziwika. Chingerezi chimauona mkhalidwewu ngati dzenje, pakuti chimati munthu amakwera kuchokamo kapena amamira kulowamo, ndipo Thomas Hardy anatcha buku lake la mu 1895 Jude the Obscure pofotokoza za mmisiri wosema miyala amene anafuna kulowa yunivesite koma zitseko zinamukana. Wophunzira wa ku Troyeville asatengeke ndi chisoni cha Angerezi chimenechi, chifukwa kwa iye kusadziwika ndi chuma chofunika kuchisamala. Pasipoti ya Malawi imalola munthu kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza, ndipo malamulo a mu 2014 amati wopyola nthawi yake ndi masiku oposa 30 aletsedwe kulowanso kwa zaka zisanu, osanenanso za ulendo wa ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Luso lofunika ndi lakuti munthu adziwike kwa abwana ofuna wa m'gadeni koma asadziwike kwa apolisi oyendera mumsewu, ndipo zikwangwani zofunsira ntchito zinapeza kale njira yake, pakuti zimalengeza kuti Mmalawi wokhulupirika ndi wolimbikira akufuna ntchito, kotero kuti dziko limatchuka pamene munthuyo sakudziwika. Anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho anapatsidwapo zitupa zapadera zokhalira ndi kugwirira ntchito m'dzikomo, koma Amalawi, amene agogo awo anakumba migodi ya kuderali pa makontrakiti a Wenela ndi Theba, sanapatsidwe mwayi wotere, ndipo wophunzira amene wafika pano akudziwa kale chiganizo cha Chingerezi choyenera kufotokozera zifukwa zake.

Chenjezo lomaliza ndi lakuti luso lonseli lili ndi malire, ndipo malirewo ali pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza. Mtchona amene wabwerera kumudzi pa Khirisimasi n'kuyesa kuuza bwalo la amfumu kuti zifukwa zimene sanatumizire ana thandizo kwa zaka zitatu sizinadziwikebe, adzapeza kuti ankhoswe a mbali zonse ziwiri ali ndi nthawi yokwanira, kuti palibe amene akuthamangira basi, ndiponso kuti adzapemphedwa mwaulemu kuti abwereze, afotokozenso, ayambirenso pachiyambi, mpaka chiganizo chake chitapeza mwininkhani. Pa bwalo lotere mawu osamveka sawerengedwa ngati umboni wa maphunziro, koma amaonjezera chiwerengero cha nkhuku za chindapusa.