Ukaipa Dziwa Nyimbo, Ukakula Dziwa Kugwa

Makolo athu sankadziwa kunyengerera. Akaona mnyamata amene Chauta anamuumba nkhope mothamanga, sankamunamiza zoti kukongola kwenikweni kuli mumtima. Ankangomuuza pamaso kuti, "Ukaipa dziwa nyimbo." Pabwalo la gule pali ntchito zambiri, ndipo amene maso a anthu amukana angathe kudyera makutu awo. Mwambi umenewu ndikufuna kuubwereka, ndiupereke kwa gulu lina limene likuchuluka m'matauni mwathumu: abambo ndi amayi a zaka 40 kupita m'tsogolo, amene angodzuka tsiku lina n'kulengeza pakhomo kuti ayamba karate.

Maganizo otere sagwa kumwamba. Nthawi zambiri amachokera kuchipatala, pamene namwino wakukulungani kansalu kaja pamkono, wapopa, wayang'ana nambala, wayang'ana inu, kenako n'kupopanso osayankhula kanthu. Adokotala akuti mchere muchepetse, kanyenya ndi mang'ina mupumire kaye, thupi lizituluka thukuta. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, kuwonjezera apo masiku awiri olimbitsa minofu. Ndiye muyambira pati? Mukati muzithamanga m'mamawa, agalu a m'dera akukudziwani kale. Kujimu mumalipira ndalama kuti munyamule chitsulo n'kuchibwezera pomwe munachitenga. Apa m'pamene mumtima mumadzuka kamnyamata kaja kanagona kalekale, kamene kankabisa chenji ya kuchigayo kuti kakalowe mu video show.

Kamnyamata kameneka n'koopsa, musakamvere. Kanaonera Bruce Lee mu Enter the Dragon ya 1973, kanaoneranso Jean-Claude Van Damme mu Kickboxer ya 1989 akumenya mtengo ndi msongolo, ndipo nthochi za m'makomo mwa anthu zinaona zakuda. Chimene kamnyamatako sikadziwa n'chakuti Bruce Lee anamwalira ali ndi zaka 32, ndiye palibe amene anamuonapo akudzuka pasofa atagwira m'chiuno. Ngakhale iye yemweyo, mu 1970 anavulala msana ponyamula chitsulo asanatenthetse thupi, n'kutha miyezi osachita masewera. Ngati zinamuonekera mwini filimu, nanga inu amene munangolipira pakhomo?

Mwambi wathu uja uli ndi mbali ziwiri, koma anthu amathamangira yachiwiri. Aliyense akufuna nyimbo, wovomera kuti waipa ndiye akusowa. Tiyambe taima kaye pagalasi. Mawondo amalankhula pokwera masitepe. Kumanga zingwe za nsapato kumafuna kukoka mpweya kaye. Phewa linasiya kufika pamwamba pa kabati, ndipo lamba wa buluku anasamuka yekha kuchoka pamchombo kukakhala kumunsi kumene kulibe mpikisano. Kuipa kumene ndikunena n'kumeneku, ndipo si kochititsa manyazi, chifukwa ena mwa akuluakulu a masewera omenyanawa anali oipa anzathu. Jigoro Kano, amene anatsegula sukulu yake ya judo ya Kodokan ku Tokyo mu 1882, anali kamnyamata kochepa thupi kamene anzake ankakazunza kusukulu. Gichin Funakoshi, amene anatenga karate kwawo ku Okinawa n'kukaionetsa ku Tokyo mu 1922, anali mwana wodwaladwala. A kubanja la Gracie ku Brazil nawo amasimba kuti Hélio, mmodzi mwa amene anaumba jiu-jitsu yawo, anali wofooka moti anadalira luso m'malo mwa mphamvu. Palibe mwa iwo anakangana ndi galasi. Aliyense anafunafuna nyimbo yokwanira kummero kwake.

Ndiye mukasankha, musafunse kuti masewera oopsa kwambiri ndi ati. Funsani kuti chimene chinatsala chikugwira ntchito m'thupi mwanumo n'chiyani.

Taekwondo ya ku Korea ndi yokongola kuionera, koma chuma chake chonse chili m'miyendo. Pa Olympics ya ku Paris mu 2024, chibakera cha pamimba chinali pointi imodzi, theche la kumutu mapointi atatu, ndipo kumenya mutu womwewo utazungulira, asanu. Ngati pokwera kabaza mumapempha mnyamata kuti apendeketseko njinga, mutu wa mnzanu usiyeni pomwe uli. Za Muay Thai ya ku Thailand, kumene zibakera, zigongono, mawondo ndi misongolo zonse zili pantchito, ndingoti thukuta lake n'lenileni, koma Lolemba mudzafika kuofesi mukutsimphina ndipo palibe adzakhulupirire kuti zinali zolimbitsa thupi.

Karate nayo ili ndi mphatso imodzi imene munthu wamkulu ayenera kuiyamikira, ndiyo kata. Umaima wekha pakati pa bwalo n'kumamenyana ndi adani osaoneka, mwandondomeko, kumanzere, kumanja, kutembenuka, kufuula. Adani amenewa sabwezera, sapita kupolisi, ndipo tsiku lililonse amagonja. Miyendo imalimba, mpweya umatalika, mutu nawo umagwira ntchito poloweza. Vuto lake lili pamzere. Ophunzira amandandalika potengera lamba, osati zaka. Inu a malamba oyera, ngakhale mutakhala akulu a mpingo kapena abwana a kampani, malo anu ndi kumapeto, ndipo pamwamba panu pali kamtsikana ka Sitandade 4 ka lamba wobiriwira. Mukawerama popereka ulemu, iko kamangogwedeza mutu. Kenako mphunzitsi akatuma kuti kakukonzeni, ndipo kakuti, "Agogo, mwendo wakumbuyowo muwongole." Amene adzapirire mawu oti agogo ali ndi zaka 43 adzafika patali mu karate.

Ine mtima wanga umakokera ku judo, pa chifukwa chimene kamnyamata ka video show kaja sikangachimve. Ku judo, usanaphunzire kugwetsa munthu umayamba waphunzira kugwa. Masabata oyambirira ndi ukemi basi: chibwano pachifuwa kuti nkhongo isamenye pansi, msana wopindika, dzanja kumenya mphasa kuti mphamvu ya kugwayo imwazike, ndipo chachikulu, osatambasula mkono kuti utsamire pansi, poti m'mene anthu ambiri amathyokera m'menemo. Tsopano tawerengani moona mtima. Pa moyo wanu wonse mwazunguliridwapo kangati ndi zigawenga zinayi zimene zimabwera mmodzimmodzi mwaulemu? Nanga mwatererapo kangati m'bafa, pamatope a mu Januwale, kapena potsika minibasi kondakitala atamenya kale chitseko? Mdani wa munthu wamkulu ndi nthaka, ndipo imakhala ikumudikira paliponse. Judo ndiyo imakuphunzitsa kukumana nayo mwamtendere, osangoti khu ngati thumba la chimanga lochokera pamwamba pa lole.

Koma judo ili ndi mtengo wake. Mukamaliza kudzigwetsa nokha, anzanu amayamba kukugwetsani, ndipo mawondo ndi mapewa amalipira msonkho. Masewerawa alipo ndithu kwathu kuno, Harriet Bonface anaimira Malawi pa judo ku Olympics ya ku Tokyo imene inachitika mu 2021, koma musalole kuphunzira malo opanda mphasa zake zenizeni. Wina akakuuzani kuti simenti imalimbitsa munthu, mufunseni ngati ali ndi nambala ya ambulansi.

Mbale wake wa judo ndi jiu-jitsu ya ku Brazil ija, imene inatchuka mu 1993 pamene Royce Gracie, munthu wosaoneka woopsa, anagonjetsa zimphona pampikisano woyamba wa UFC ku Denver. Iyi imachitikira pansi. Kwa ife amene thupi limakonda kale kugona, ndi nkhani yabwino. Muli lamulo limene ndikanakonda likanafika m'maukwati ndi m'ndale: ukaona kuti zakuvuta, umangogunda mnzakoyo kawiri ndi dzanja, iye n'kukusiya pomwepo, muyambirenso popanda chidani. Anthony Bourdain, wophika wotchuka uja wa pa TV, anaiyamba atapitirira zaka 55 ndipo anafika popikisana nawo. Koma lamba wakuda kumeneko amatenga zaka pafupifupi 10, ndipo malo ophunzitsira sapezeka paliponse. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku London ndiwo angasankhe. Komanso muganizire zimene mukafotokoze kunyumba, mutabwera ndi mikwingwirima m'khosi n'kumati munali kukumbatirana pansi ndi mwamuna wina kwa ola lathunthu pofuna kutsitsa BP.

Tibwere ku nkhonya. Apa ndipo pali nyimbo imene ambiri a ife tingaikwanitse, chifukwa sifuna kukweza mwendo, sifuna yunifolomu, ndipo mphunzitsi wake angapezeke pafupi kuposa wa masewera ena onsewa. Chingwe chodumphira, nsalu zokulunga m'manja, magolovesi ndi thumba lopachika, basi. Thumbalo musalidzaze mchenga wokhawokha, umatsika n'kuuma gwa mpaka kukupwetekani zala. Ikanimo nsanza kapena utuchi. Ndipo chinsinsi chimene anthu sauzana n'chakuti mungathe kuphunzira nkhonya zaka zambiri popanda kumenyedwa kumutu ngakhale kamodzi. Kumenya thumba, kumenya mapadi a mphunzitsi, kuponya zibakera m'malere, zonsezi zimachotsa mafuta. Mutu umene mumadyera usungeni, ana akufuna fizi.

Nkhonya imaphunzitsanso masamu atsopano. Raundi imodzi ndi mphindi zitatu, kupuma mphindi imodzi. Mphindi zitatu n'zochepa mukamadikira madzi a tiyi. Mukamamenya thumba, mphindi yoyamba ndinu katswiri, yachiwiri manja ayamba kutsika okha, yachitatu mukuyang'ana wotchi n'kumakayikira kuti batire yatha. Mukatero m'pamene mumamupatsa ulemu Isaac Chilemba, mwana wa kwathu amene mu 2016 anaima maraundi 12 onse ndi Sergey Kovalev kwawo kwa Kovalev ku Russia. Ife tinkaonera tili pampando n'kumakuwa kuti amenye bwanji. Ndipo chonde asakunamizeni ndi nkhani ya George Foreman, amene anatenganso lamba wa dziko lonse mu 1994 ali ndi zaka 45. N'zoona, koma bambo ameneyu anali atawina kale golide wa Olympics mu 1968 ndi lamba yemweyo mu 1973. Iye ankabwerera kwawo. Inu mukupita kuchilendo.

Amene mawondo awo akana zonsezi asataye mtima, kuli tai chi ya ku China. Anyamata amaiseka poti imayenda pang'onopang'ono, koma madokotala amailemekeza chifukwa imathandiza okalamba kuima molimba ndi kuchepetsa kugwa. Chenjezo langa ndi limodzi: muzichitira m'nyumba kapena pagulu. Mukakaima nokha panja mbandakucha, mutapinda mawondo, manja akuyandama m'mwamba mwakachetechete, aneba sadzafunsa kuti ndi masewera a dziko liti. Nkhani idzafika kwa amfumu dzuwa lisanatuluke.

Pamapeto pake dzina la masewera silimene limasankha. Chimene chimasankha ndi mtunda ndi mphunzitsi. Masewera abwino koposa amene ali kutali maminibasi awiri adzagonja kwa masewera wamba a muholo ya sukulu ya pafupi, makamaka mvula ikayamba. Mphunzitsi naye mumuone kaye akugwira ntchito. Kodi amayamba ndi kutenthetsa thupi? Mukamuuza kuti bondo ili linavulalapo, amakupatsani njira ina kapena amakusekani? M'kalasi mwake muli munthu wa imvi ngakhale mmodzi amene wakhalitsa? Pali aphunzitsi ena amene amamenya wophunzira watsopano tsiku loyamba kuti adziwike kuti mwini bwalo ndani, ndipo pali ena amene malamba amawagulitsa, moti miyezi itatu iliyonse mtundu umasintha malinga mwalipira. Woyambayo adzakuthyolani nthiti. Wachiwiriyo ndiye woopsa kwambiri, chifukwa adzakuchititsani kukhulupirira kuti mukutha, n'kukayesera pa mnyamata wolanda foni amene wabisa mpeni. Mphunzitsi wanzeru aliyense adzakuuzani kuti foniyo mupatseni, mukagula ina. Mpweya umene mwaupeza pophunzira mukaugwiritse ntchito pothawa, zimenenso ndi masewera olimbitsa thupi.

Ndiye bambo, mayi, sabata ino pitani kaye akakuyezeni BP ndi shuga, muwauze adokotala zimene mukufuna kuyamba. Akavomera, kaonereni kalasi ya pafupi ndi kwanu mutakhala pabenchi. Yunifolomu musagule msanga, kabudula ndi malaya akale akwanira mwezi woyamba. Ndipo nthochi za aneba muzisiye.