Dayisi ya mbali 20 yalowa m'komboni

Mnyamata wina wophunzira pa University of Zambia, amene amachita lendi kachipinda ku Kalingalinga monga anzake ambiri osowa malo kumahositelo, anayenda mwezi wathunthu ndi kathumba ka madayisi 7. Ina mwa madayisiwo inali ya mbali 20, yonyezimira ngati switi. Ankafuna anthu oti azisewera nawo Dungeons & Dragons, masewera amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Kaseweredwe kake n'kosavuta kufotokoza kwa munthu woleza mtima. Anthu anayi kapena asanu amazungulira tebulo, aliyense n'kusankha kukhala munthu wina: uyu msilikali, uyu wakuba, uyo wamatsenga. Mmodzi amasimba nkhani, enawo n'kumanena zimene achite, ndipo dayisi ndi imene imagamula ngati zatheka.

Zofunika ndi zitatu basi: tebulo, anthu, ndi maola atatu kapena anayi a bata.

Matebulo ku Kalingalinga ndi osayamba. M'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata akalipentala amawakhoma tsiku lililonse, koma onsewo ndi a ulendo wa kumayadi. Tebulo la m'nyumba ya lendi lili kale ndi ntchito: wailesi ya kanema, fulasiki, Baibulo, ndi maluwa apulasitiki amene sasunthidwa popanda chilolezo cha amayi a nyumba. Za bata n'zoseketsa. Kumanja wowotcherera zitsulo akucheka mageti, kumanzere kwaya ikukonzekera Lamlungu, kuseri mwana wa aneba akuyesa sipika. Bata lenileni linabwera mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene magetsi ankazima maola oposa 17 pa tsiku. Koma pamenepo manambala a pa dayisi sankaoneka.

Anayambira ku Mtendere, pansi pa mtengo pafupi ndi msika, pamene drafuti imayamba dzuwa lisanatenthe. Bolodi lake ndi thabwa lojambulidwa ndi penti wotsala pa geti la wina, mabokosi 64. Zosewerera ndi zivindikiro za mabotolo, 12 mbali iliyonse, uyu zoyang'ana kumwamba, uyo zovundikira. Mosi ndi Fanta zimamenyana pa bolodi limodzi popanda kufunsana za chipembedzo. Mnyamatayo anapereka moni mwaulemu, nayamba kufotokoza.

"Yembekeza," anatero mdala wina, maso ali pa bolodi. "Ndiwe mwana wa ndani?"

Limenelo ndiye khomo loyamba la gulu lililonse m'komboni, ndipo lilibe fomu. Dzina la bambo, mudzi, mfumu. Atangotchula Chipata, Mbemba amene anakhala pa chidebe anaomba m'manja nalengeza kuti kwabwera wodya mbewa. Wina wa ku Petauke anayankha kuti anthu odya anyani asamalankhule pagulu. Chimbuya chimenechi chinatenga theka la ola, ndipo nkhani ya zinjoka zosunga golide inafera pomwepo.

Ku Chawama ndi ku George anapeza nsolo. Apa m'pamene anaona kuti zoti masewera ndi a anthu awiri ndi bodza la m'mabuku. Maenje ali m'mizere inayi, miyala ili m'manja mwa anthu awiri, koma osewera enieni ndi khumi aja aimirira kumbuyo. Uyu akuloza ndi chala, uyo ndi mlomo, wina akuwerenga maenje mokweza kuti asokoneze mdani. Munthu akadya miyala ya mnzake, onse amanena kuti nzeruyo inali yawo. Akadyedwa, aliyense amakumbukira kuti anamuchenjeza.

Malamulo olowera sanalembedwe, koma amatsatidwa kuposa malamulo a pamsewu. Sabata zoyamba mlendo amaimirira. Saloledwa kulangiza, amangololedwa kuseka, ndipo aseke pamene aseka akuluakulu. Kenaka tsiku lina amatumidwa kukantemba kukagula fodya mmodzi, chenji n'kubweza yonse, chifukwa amenewo ndi mayeso. Akakhoza, amapatsidwa udindo wosunga malo a munthu amene wapita kukataya madzi. Mpando weniweni umapezeka mvula ikayamba kudontha, eni ake atathawira pakhonde. Ndipo akaupeza, asayerekeze kugonjetsa mdala tsiku loyamba. Amene anachitapo zimenezi amasimbidwabe ngati mwana wopanda mwambo.

Chimene mnyamatayo anachedwa kuona n'chakuti pa benchipo panalibe munthu woitanidwa ndi dzina la pa chitupa. Pali a Loya, amene khoti analiona kamodzi ali mboni pa mlandu wa nkhuku. Pali a Honarebo, amene sanaimepo pa chisankho chilichonse koma bajeti ya dziko amaikonza madzulo alionse. Pali a Injiniya, okonza maambulera. Ndipo pali a Kochi. Iwowa amasimba usiku wa mu 2012 ku Libreville, timu ya dziko ya Chipolopolo itagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate, ngati kuti kochi wa timuyo, Hervé Renard, ankawaimbira foni mphindi iliyonse, ndipo Stoppila Sunzu anaponya mpira womaliza kumene iwo anamuuza. Palibe amene amawatsutsa. Ukatsutsa ukochi wa mnzako, ulemu wa uloya wako utha mawa lomwe. Anthu a ku America amagula mabuku okhuthala kuti aphunzire kukhala munthu wina kwa maola anayi. Pa benchi ya ku George munthu amakhala nduna zaka 20, popanda dayisi.

Ku Matero anakafika nthawi ya michopo, utsi wa nyama ya mbuzi uli tolotolo. Anyamata a kumeneko anaigwira dayisi ija mwaulemu, kuitembenuza, kuwerenga mbali zake.

"Boi, iyi njuga ni ya zingati?"

"Si njuga. Palibe ndalama."

"Manje wowina atenga chani?"

"Palibe wowina. Tonse tili mbali imodzi."

Anayang'anana. Mmodzi anamugulira chidutswa cha nyama mwachifundo, monga timachitira ndi munthu amene maphunziro amupweteka.

Zoopsa zinachitikira ku Kanyama. Kunali kutagwa mvula, ndipo aliyense wodziwa Kanyama akudziwa kuti madzi a kumeneko sapita kulikonse, amakhala ngati nawonso alipira lendi. Gulu la drafuti linali litasamukira pakhonde la shopu, miyendo pamwamba pa njerwa. Kwa nthawi yoyamba anthu anamumvetsera mpaka pakati. Msilikali anapezeka msanga. Wakuba anasankhidwa ndi anzake, iye akukana. Ndiye mnyamatayo anati, "Tsopano pafunika mmodzi akhale mfiti."

Benchi linatalika mwadzidzidzi. Amene anali pafupi naye anapezeka ali kumapeto.

Sitingawaseke kwambiri. Dziko lino Pulezidenti Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu pa 29 Disembala 1991, ndipo lamulo la za ufiti la m'nthawi ya atsamunda, la mu 1914, likadali m'mabuku: kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kudzitcha wekha ndi mlandunso. Mu Disembala 2024 apolisi mu Lusaka anagwira amuna awiri powaganizira kuti ankafuna kulodza Pulezidenti Hakainde Hichilema, ndipo pa katundu wawo panali bilimankhwe wamoyo. Tsono mlendo afike ndi kathumba ka timiyala ta manambala, n'kumafunsa wodzipereka kukhala mfiti? Mkulu wina wa mpingo anamufunsa modekha ngati makolo ake akudziwa zimene akuchita ku yunivesite.

Amene anamuuza zoona ndi amayi a nyumba yake. Atamva dandaulo lake loti anthu sasunga nthawi, anaseka mpaka kugwira chitseko. Iwo ali m'gulu limene limakumana tsiku lodziwika, lili ndi wapampando, mlembi ndi buku, ndipo wochedwa amalipira faindi. Dzina lake ndi chilimba, gulu losonkherana ndalama. Amuna a pa nsolo, anatero mayiwo, amakumana tsiku lililonse chifukwa palibe anapangana. Mukangowaikira tsiku ndi ola, aliyense apeza maliro oti apiteko.

"Mwanangu, ngati ufuna anthu osunga nthawi, bwera na K100 pa Sondo. Koma ivo va mfiti usiye kunja."

Sanapite. Anabwerera ku Mtendere, pansi pa mtengo paja, naimirira sabata zitatu. Anaseka pamene anaseka akuluakulu. Anatumidwa fodya, chenji anabweza. Lero ali ndi malo ake kumapeto kwa benchi, ndipo dzina analandira: a Pulofesa. Akachedwa kubwera, a Loya a kumeneko amafunsa ngati boma lawaitana, a Honarebo n'kuyankha kuti nkhaniyo aikamba ku nyumba ya malamulo.

Madayisi 6 ali m'sutikesi pansi pa bedi. Ya mbali 20 ija ili pa ntchito: inalowa m'malo mwa chivindikiro cha Mosi chimene chinagwera mu ngalande, ndipo sabata yatha inafika kumapeto kwa bolodi n'kukhala kingi.